Bwalo la Praça da Independência ndi amuna awiri amene anaima pakati pake

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, tsiku langa loyamba ku Maputo ndinakwera msewu wa Avenida Samora Machel wapansi, kuchokera kumunsi kwa mzinda. Msewuwo ndi wachitunda, ndipo pamwamba pake pali bwalo lalikulu lozungulira, Praça da Independência. Amene anakonza malowa ankadziwa chimene ankachita: munthu umafika uli wefuwefu, maso ali m'mwamba, boma lili pamwamba pako.

Nyumba imene imakupenya ukamakwera ndi ya khonsolo ya mzinda, yomwe inatha kumangidwa mu 1947. Ndi yotambalala, ya nsanamira ndi masitepe ambiri, mbali ziwiri zofanana ndendende ngati nyumba zaboma za ku Ulaya. Kudzanja lamanja kuli tchalitchi chachikulu cha Katolika, cha Nossa Senhora da Conceição, chomwe chinadalitsidwa mu 1944. Ichi ndiye n'china: choyera mbee, cha konkire, chopanda zokongoletsa zambiri, nsanja yake yowonda ngati mkondo. Kunena zoona, ine chimandisangalatsa kuposa nyumba ya khonsoloyo. Koma zonsezi zinamangidwa m'zaka za chibalo, ndipo m'mabuku timawerenga dzina la injiniya, Marcial Freitas e Costa, osati la wosenza mchenga.

Kale bwaloli linkatchedwa Praça Mouzinho de Albuquerque. Mu 1940 Apwitikizi anaimika pakati pake chipilala cha msilikali ameneyu, atakwera kavalo. Ndi yemwe uja anagwira Ngungunhana, mfumu ya Gaza, ku Chaimite mu Disembala 1895. Mfumuyo inakafera kutali, ku zilumba za Açores, mu 1906. Pansi, kutsogolo kwa khonsolo, anayala timiyala tolemba mawu akuti "Aqui é Portugal", kutanthauza kuti pano ndi pa Portugal. Taganizani, mwana wa dziko lino akupita kuntchito m'mawa uliwonse, n'kumadutsa pa mawu amenewo.

Mu 1975 kavalo uja anatsitsidwa ndipo dzina la bwalo linasintha. Ana ambiri m'kalasi amaganiza kuti ufulu unalengezedwa pomwepa chifukwa cha dzinalo. Ayi, tiziwakonza: pa 25 Juni 1975 mbendera inakwezedwa ku sitediyamu ya Machava. Bwaloli linadzaona khamu lina mu Okutobala 1986, pamene thupi la Samora Machel linagonekedwa m'nyumba ya khonsolo ija ndege itagwa ku Mbuzini. Pa 19 Okutobala 2011, patatha zaka 25, anaimika chipilala chake cha mkuwa, chotalika mamita 9, chopangidwa ndi amisiri a ku North Korea. Waima chala m'mwamba, monga ankachitira pamisonkhano, nkhope kuloza kumunsi kumene ndinachokera kuja.

Mouzinho sanamusungunule. Nditatsetserekanso msewu uja ndinakamupeza mu Fortaleza, linga lakale la pafupi ndi doko, akadali pa kavalo wake, koma tsopano ali pansi, pa msinkhu woti mwana angagwire chiboda. M'linga lomwelo muli bokosi lamatabwa losemedwa bwino, la zotsala za Ngungunhana zimene zinabwezedwa kuchokera ku Portugal mu 1985. Wogwira ndi wogwidwa ali mumpanda umodzi, ndipo mtunda wapakati pawo ndinauyenda osakwana mphindi imodzi.