Maphunziro a zaluso m'sukulu za m'mafamu ku Mashonaland

Kuyambira m'chaka cha 2017, ana a m'sukulu za pulayimale m'dziko la Zimbabwe akhala akuphunzira kujambula, kuimba, kuvina ndi zisudzo monga phunziro lovomerezeka ndi boma. Koma m'madera a mafamu akuluakulu a m'zigawo zitatu za Mashonaland, luso limeneli linakhazikika kale kwambiri lisanalowe m'kalasi. Ana ankaliphunzira kukomboni, kwa makolo awo.

Anthu a m'mafamu

M'nthawi ya atsamunda, mafamu a fodya ndi chimanga a m'madera monga Mazowe, Shamva, Bindura ndi Guruve ankadalira antchito ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ambiri mwa iwo anali Achewa, Amang'anja ndi Ayao, ndipo sanabwererenso kwawo. Anabwera ndi chiyankhulo, ng'oma ndi Gule Wamkulu, amene mpaka lero amavinidwa m'makomboni pa maliro ndi pa zikondwerero. Bungwe la UNESCO linalengeza m'chaka cha 2005 kuti guleyu ndi chuma cha anthu a pa dziko lonse.

Sukulu za m'mafamu zinali zochepa, ndipo zambiri zinkayendera chifuniro cha mwini famu. Zaluso sizinkawerengedwa, popeza mwana ankayembekezeredwa kudzalowa m'munda momwe munali bambo ake.

Zomwe komboni inabala

Chitsanzo chodziwika ndi mudzi wa osema miyala wa Tengenenge, pafupi ndi Guruve. Mlimi wa fodya Tom Blomefield anauyambitsa m'chaka cha 1966, malonda a fodya atalowa pansi chifukwa cha zilango zomwe maiko anapatsa boma la Ian Smith. Antchito a m'mafamu anayamba kusema mwala wa serpentine wopezeka pomwepo. Mmodzi mwa iwo anali Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia m'chaka cha 1932, yemwe ziboliboli zake za nkhope zomwetulira zinafika m'maiko akutali. Pamudzipo ana amaphunzira kusema poonerera akuluakulu, popanda bolodi kapena mayeso.

Pa zoimbaimba, Alick Macheso, katswiri wa nyimbo za sungura, anabadwira ku Shamva m'chaka cha 1968 ndi kukulira pafamu. Bambo ake anali ochokera ku Malawi, ndipo nyimbo zake zina amaziimba m'Chichewa.

Zaluso zilowa m'kalasi

Komiti ya Nziramasanga, yomwe inaunika maphunziro m'chaka cha 1999, inadandaula kuti sukulu zinkangokonzekeretsa ana mayeso a m'mabuku. Maganizo ake ndi omwe anatsogolera ku ndondomeko ya 2017. M'chaka cha 2024 boma linakonzanso ndondomekoyi kuti izitsamira pa chikhalidwe cha dzikolo, ndipo ku pulayimale zaluso zinaphatikizidwa ndi masewera olimbitsa thupi.

Mabungwe enanso amathandizapo. La National Arts Council of Zimbabwe limachititsa mpikisano wa magule wa Jikinya wa sukulu za pulayimale, pomwe la CHIPAWO, lomwe linayamba ku Harare m'chaka cha 1989, limaphunzitsa ana zisudzo, nyimbo ndi magule.

Mavuto otsala

Ntchito yolanda ndi kugawanso mafamu, yomwe inayamba m'chaka cha 2000, inachotsa ntchito anthu ambiri a m'makomboni. M'malo omwe anthu anakhazikitsidwa mwatsopano munatsegulidwa sukulu zanthambi, zina m'nyumba zakale za eni mafamu, zina m'mabalani a fodya. M'sukulu zotere utoto, mapepala ndi zida zoimbira ndi zosowa, chimodzimodzinso aphunzitsi omwe anasulidwa pa zaluso.

Palinso nkhani ya ulemu. Ana a m'makomboni akhala akunyozedwa ngati alendo, ndipo Gule Wamkulu ena amamuopa kapena kumuyesa ufiti. Zinsinsi za kudambwe si za m'kalasi, koma kayimbidwe ka ng'oma, magule a poyera, nthano ndi kuumba ndi dongo n'zotheka kuphunzitsa popanda ndalama zambiri. Malamulo aakulu a dzikolo a m'chaka cha 2013 anaika Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka, choncho mwana wa pafamu ali ndi ufulu wochita sewero kapena kuimba pasukulu m'chiyankhulo cha agogo ake.