Nthano zazitali zoseketsa za chikondi cha ana asukulu

Nthano zazitali zoseketsa za chikondi cha ana asukulu ndi gulu la mabuku olembedwera achinyamata, makamaka a zaka zapakati pa 13 ndi 18. Nkhani yake imachitikira pa sukulu ya sekondale ndipo imatsata achinyamata awiri kuyambira pomwe akumana kufikira pomwe agwirizana. M'mabuku ambiri a mtunduwu mmodzi mwa awiriwo amabisa chomwe ali. Amalemba makalata osaikapo dzina, amavala ngati munthu wina, kapena amabisa banja lomwe akuchokera. Ogulitsa mabuku a Chingerezi amawaika m'gulu lomwe amalitchula kuti young adult romantic comedy.

Mabuku ambiri otere amalembedwa ku United States, ndipo ku Japan kuli ochuluka a zithunzi omwe amatchedwa manga. Ku Malawi, kuphatikizapo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, nkhani ya wokondedwa wodzizimbaitsa inalipo kale mabukuwa asanafike, koma kawirikawiri imakambidwa ngati chenjezo osati ngati nthabwala.

Momwe nkhani imayendera

Chomwe chimaseketsa m'mabukuwa n'chakuti wowerenga amadziwa zambiri kuposa ampangankhani. Mtsikana amatha kudana ndi mnyamata wa m'kalasi mwake masana, koma usiku n'kumalemberana mauthenga okoma ndi munthu wosadziwika, yemwe ndi mnyamata yemweyo. Wowerenga amaona zonse ziwiri, ndipo amangodikira tsiku lomwe chinsinsi chidzaululike.

Kudzibisaku kumachitika m'njira zingapo. Pali kulemberana popanda dzina, kale pa kalata ndipo masiku ano pa foni. Pali kulembera mnzako kalata yachikondi, moti wolandirayo amakopeka ndi mawu a munthu wina koma nkhope ya wina. Pali mapasa osinthana malo, pali mtsikana wovala ngati mnyamata kuti alowe sukulu ya anyamata okhaokha, komanso pali mwana wa mfumu kapena wa munthu wolemera yemwe akufuna kuti anzake azimuona ngati wina aliyense.

Sukulu ndi malo oyenera nkhani zotere chifukwa ana amakumana tsiku ndi tsiku, sangathawane, ndipo mphekesera imafika paliponse nthawi yopuma isanakwane. Pachimake pa nkhani pamakhala kuululika kwa chinsinsi, nthawi zambiri pagulu, monga pa dansi ya sukulu kapena pa masewero a mpira. Wonamizidwa uja amakwiya, wonama amapepesa, ndipo awiriwo amayanjana. Lamulo losalembedwa la mabukuwa ndi lakuti chobisikacho chisakhale choopsa. Wodzibisayo amapezeka kuti ndi wa msinkhu womwewo, wosakwatira, ndipo anabisala chifukwa cha manyazi chabe.

Gwero lake

Njira zodzibisirazi zinachokera m'masewero akale a ku Ulaya. Mu sewero la William Shakespeare lotchedwa Twelfth Night, lomwe linalembedwa cha m'ma 1601, Viola amavala ngati mnyamata n'kudzitcha Cesario. Amalowa ntchito kwa Orsino ndipo amayamba kumukonda, pamene Olivia, yemwe Orsino akumufuna, amakopeka ndi Cesario. Zinthu zimalongosoka Sebastian, yemwe anabadwa mapasa ndi Viola, atatulukira. Mu 1897 Edmond Rostand wa ku France analemba Cyrano de Bergerac, sewero la munthu waluso pa mawu koma wochita manyazi ndi mphuno yake yaikulu, yemwe amalembera mnzake Christian makalata opita kwa Roxane, mkazi yemwe iye mwini akumukonda. Nkhani ya anthu awiri odana pa ntchito koma okondana pa makalata inatchuka ndi sewero la Parfumerie la Miklós László wa ku Hungary mu 1937, lomwe linabala mafilimu a The Shop Around the Corner mu 1940 ndi You've Got Mail mu 1998.

Buku lomwe ambiri amalitenga ngati chiyambi cha nthano za chikondi zolembedwera achinyamata ndi Seventeenth Summer la Maureen Daly, lomwe linatuluka ku United States mu 1942. Msika unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Kampani ya Bantam inayamba mndandanda wa Sweet Dreams mu 1981, ndipo mu 1983 inatulutsa buku loyamba la Sweet Valley High. Mndandandawu, womwe anauyambitsa Francine Pascal, umakamba za mapasa Jessica ndi Elizabeth Wakefield a ku California, ofanana nkhope koma osiyana khalidwe, ndipo kusokoneza wina ndi mnzake ndi gwero la mikangano yambiri. Mabuku ake anapitirira 140. Ambiri mwa iwo sanalembe ndi Pascal mwini koma alembi olembedwa ntchito omwe mayina awo enieni sankaoneka pachikuto, kotero olemba nawonso anali odzibisa.

Mabuku ena odziwika

Mu The Princess Diaries la Meg Cabot, lomwe linatuluka mu 2000, Mia Thermopolis wa zaka 14 wa ku New York amauzidwa kuti bambo ake ndi wolamulira wa dziko longopeka la Genovia, ndipo amayesetsa kubisira anzake a kusukulu. Jenny Han mu To All the Boys I've Loved Before, la mu 2014, anatembenuza nkhani ya kalata: Lara Jean amalembera anyamata asanu makalata omwe sankafuna kutumiza, koma mng'ono wake amawatumiza mwakabisira. Pofuna kuphimba manyazi, Lara Jean amanamizira chibwenzi ndi mmodzi mwa anyamatawo. Buku la Julie Buxbaum la Tell Me Three Things, la mu 2016, limakamba za Jessie, yemwe mayi ake anamwalira ndipo wasamukira ku Los Angeles, komwe munthu wosatchula dzina amamulembera pa intaneti kumulangiza za sukulu yatsopanoyo.

Simon vs. the Homo Sapiens Agenda la Becky Albertalli, la mu 2015, ndi lolemererapo. Simon amalemberana ndi mnyamata mnzake wodzitcha Blue, ndipo wina wa m'kalasi atawerenga makalatawo amayamba kumuopseza kuti aulula. M'bukuli kudzibisa sikuchokera pa manyazi okha koma pa mantha enieni a momwe anthu amulandirire.

Ku Japan, Hana-Kimi ya Hisaya Nakajo, yomwe inkatuluka kuyambira 1996 mpaka 2004, imakamba za mtsikana wodzisandutsa mnyamata kuti aphunzire pa sukulu imodzi ndi katswiri wa masewero odumpha yemwe amamusirira. Filimu ya ku America ya She's the Man ya mu 2006 inatenga Twelfth Night n'kuiika pa sukulu yogonera komweko, Viola akunamizira kukhala mlongo wake kuti asewere mpira wamiyendo.

Ku Africa

Kuyambira mu 1977 kampani ya Macmillan inatulutsa mndandanda wa Pacesetters, timabuku tating'ono ta Chingerezi tolembedwa ndi Aafirika, tokamba za chikondi, umbava ndi moyo wa m'tauni. Ana asekondale m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, ankabwerekana timabukuti mpaka zikuto kuthothoka. Mmalawi Dede Kamkondo analemba Truth Will Out mu mndandanda womwewu. Ampangankhani a Pacesetters nthawi zambiri anali akuluakulu apantchito osati ana asukulu.

Ku South Africa, mndandanda wa Harmony High wa kampani ya Cover2Cover unayamba ndi buku la Broken Promises la Ros Haden, ndipo nkhani zake zimachitikira pa sekondale yongopeka ya m'dera la anthu osauka la m'tauni. Muli chikondi ndi nthabwala, komanso muli umphawi, nkhanza ndi abambo akuluakulu onyengerera atsikana ndi ndalama. Limodzi mwa mabukuwo mutu wake ndi Sugar Daddy.

Ku Malawi

Ophunzira ambiri a ku Malawi anakumana ndi okondana osadziwana kudzera mu Romeo and Juliet, sewero lomwe kwa zaka zingapo linali pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE. Romeo amalowa pa phwando la banja la Capulet atabisa nkhope, ndipo iye ndi Juliet amakondana asanadziwe kuti mabanja awo ndi adani. Chiyambicho n'chofanana ndi cha nthano zoseketsa, koma mathero ake ndi maliro. Stanley Onjezani Kenani anamasulira seweroli m'Chichewa ndi mutu wakuti Romio ndi Julieti, ndipo linaseweredwa mu 2016.

Wolemba yemwe anatchuka kwambiri ndi nthano zazitali za chikondi m'dziko muno ndi Aubrey Kalitera wa ku Blantyre, yemwe ankasindikiza yekha mabuku ake pansi pa dzina la Power Pen Books. Mu Why Father Why la mu 1982, mnyamata wokula osawadziwa bambo ake amazindikira kuti mtsikana yemwe akumukonda ndi mlongo wake wa bambo mmodzi. Apa achinyamatawo sanabise kanthu. Wobisa ndi bambo wothawa ana ake, ndipo bukuli limadzudzula iyeyo.

Nkhani za chibwenzi cha ana asukulu zimapezekanso m'nthano zazifupi za m'nyuzi ndi m'magazini monga Moni, m'masewero a mpikisano wa ATEM, komanso pa wailesi. Pulogalamu ya Zathu pa Wailesi, yomwe inayamba mu 2017, inabwera ndi sewero la anyamata ndi atsikana ocheza monga abwenzi. Mapulogalamu ambiri otere amathandizidwa ndi mabungwe a zaumoyo ndi maphunziro, choncho nthabwala zake zimayendera limodzi ndi uphungu wa za Edzi, mimba ndi maukwati a ana.

M'chigwa cha Shire

Kwa Amang'anja ndi Asena a ku Chikwawa ndi Nsanje, monganso kwa mitundu ina ya ku Malawi, wofunsira mbeta wodzizimbaitsa ndi mpangankhani wodziwika m'nthano za pamoto. Mtsikana wokongola amakana anyamata onse a m'mudzi mwake, kenaka amalola mlendo wooneka bwino yemwe palibe akudziwa kwawo. Atafika ku mudzi wa mwamunayo, zimadziwika kuti ndi fisi, mkango kapena njoka yovala thupi la munthu.

Alice Werner anaika nthano ya Chinyanja ya mtunduwu m'buku lake la Myths and Legends of the Bantu la mu 1933. Mlongo wake wamng'ono wa mkwatibwi, wodwala maso, amatsatira m'mbuyo ngakhale akumubweza, ndipo amagonekedwa m'khola la nkhuku. Usiku amamva afisi akuzungulira nyumba n'kumapangana zodya mlongo wake akanenepa. Mtsikanayo amakana kukhulupirira, mpaka mwanayo amamumanga chingwe ku chala chakuphazi n'kumukoka afisi atabweranso kuti adzimvere yekha. Pomaliza mwanayo amasema nguli yaikulu, awiriwo amakwera m'dengu n'kuuluka kubwerera kwawo. Nthano zina za kufunsira ndi ukwati zili mu Land of Fire, buku la mu 1985 la Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe. Schoffeleers anagwira ntchito ya umishonale m'chigwachi ndipo anafufuza kwa zaka zambiri za chipembedzo cha Mbona ku Khulubvi.

Nthanoyi ndi mabuku a ku America amagwiritsa ntchito chida chimodzi, koma amasiyana pa chomwe chili kuseri kwa nkhope. M'buku, wobisalayo ndi wabwino kuposa momwe ankaonekera. M'nthano, ndi woipa kuposa momwe ankaonekera, ndipo wopulumutsa mtsikana ndi mbale wake wonyozeka, osati wokondedwa.

Kusiyanaku kukugwirizana ndi moyo wa ophunzira a m'derali. Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma omwe atsikana ambiri amasiya sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati. Malo m'sukulu zogonera komweko ndi ochepa, ndipo ambiri amaphunzira m'sukulu zoyendera za CDSS. Ochokera kutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu kapena m'misika monga Nchalo, Ngabu ndi Bangula, komwe amakhala opanda kholo lowayang'anira. Kumeneko mwamuna wobisa dzina, msinkhu kapena banja lake si wa m'nthano ayi, ndipo foni yapangitsa kudzibisa kukhala kosavuta: pa Facebook kapena pa WhatsApp munthu amatha kuika dzina ndi chithunzi chilichonse. Lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo kuyambira mu 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, koma si onse omwe amabwerera.

Ena mwa aphunzitsi ndi makolo amaona mabuku achikondi ngati osokoneza ana. Olimbikitsa kuwerenga amayankha kuti mwana yemwe wamaliza buku lonse chifukwa chofuna kudziwa mwini kalata waphunzira Chingerezi chochuluka osakakamizidwa. Mkanganowu umafika pochepa m'chigwachi chifukwa mabukuwo ndi osowa. Sukulu zambiri zili ndi laibulale yaing'ono kapena zilibiretu, ndipo mabuku omwe alipo ndi a silabasi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaononga makalasi ndi mabuku m'maboma awiriwa, ndipo sukulu zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Achinyamata ambiri a m'derali amakumana ndi nkhani zamtunduwu kudzera m'mafilimu omasuliridwa m'Chichewa omwe amaonetsedwa m'nyumba za vidiyo za m'misika, komanso m'nkhani zolembedwa m'zigawo zomwe anthu amatumizirana pa foni. Pakhomo ambiri amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, nkhani za pa foni zimabwera m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo mabuku osindikizidwa a mtunduwu, akapezeka, amakhala a Chingerezi.