Ambuye Milingo ndi Odwala a m'Makomboni

Mtendere, komboni ya kum'mawa kwa Lusaka, inakula m'zaka zotsatira ufulu wa 1964. Anthu ace ambiri anali ocokera kumidzi, ndipo pakudwala anasowa akuru a pabanja akuwasamala. Makamaka akazi anabvutika ndi mashawe, mizimu imene cipatala sicinaipeze m'thupi, ndipo ansembe ambiri anaiyesa nkhambakamwa cabe.

Ambuye Emmanuel Milingo, mbadwa ya kwa Mnukwa kufupi ndi Chipata, anakhala Bishopu Wamkuru wa Lusaka mu 1969. M'caka ca 1973 mai wina wogwidwa ndi mashawe anadza kwa iwo. Anampempherera, nakhulupirira kuti Mulungu wamciritsa. Mbiriyo inawanda msanga, ndipo makamu a m'makomboni anayamba kuwalondola.

Apa panabuka funso lobvuta: kodi mbusa apempherere wodwala monga mwini wace aionera nthendayo, kapena ayambe wamphunzitsa kuti mizimuyo kulibe? Mabishopu anzao anaopa cisokonezo, nawaletsa. Mu 1982 anaitanidwa ku Vatican, ndipo mu 1983 anatula udindo wao wa ku Lusaka. Koma odwala aja sanaleke kufuna wowasanjika manja. Ambiri analowera ku mipingo ya Pentekoste, imene lero yacuruka m'Mtendere.