Mayi amene anaweta nyanja m'nyumba

Usiku ndikamamva pampu ya thanki yanga ya makorali ikulira, ndimakumbukira Anna Thynne. M'chaka cha 1846, mayiyu anatola makorali amoyo kugombe la Torquay n'kupita nawo kwawo ku London, komwe anawasunga m'mbale zagalasi. Pampu ngati yangayi kunalibe nthawi imeneyo. Wantchito wake ankaima pazenera lotsegula, n'kumatsanulira madzi amchere a m'mbalezo m'chotengera china n'kuwabwezeranso, kuti alowe mpweya. Mbiri imatamanda Thynne, ndipo m'pake, koma ine ndimalemekezanso wantchitoyo, poti manja amene ankatopa anali ake. Makoraliwo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi zitatu. Mu 1853 London Zoo inatsegula nyumba ya nsomba, anthu n'kuyamba kukhamukirako kukaona zam'nyanja pagalasi.