Msonkho Wopanda Mawu m'Chigwa cha Shire

Usiku wa pa 16 Disembala 1773, anthu a mumzinda wa Boston anakwera zombo zitatu nataya m'nyanja mabokosi 342 a tiyi. Msonkho wa tiyiyo unali wochepa. Chimene chinawapweteka n'chakuti unagamulidwa ku London, m'nyumba ya malamulo momwe iwo analibe wowayimira. Mu 1776 analengeza ufulu wawo.

Patatha zaka zoposa 100, Angelezi omwewo anabwera ndi msonkho kuno kwathu. Harry Johnston atakhazikitsa boma la chitsamunda mu 1891, anayamba kutolera mashileni 6 kwa mwamuna aliyense wamkulu. Madandaulo atachuluka, mu 1894 anausandutsa msonkho wa nyumba, mashileni 3. Ife a m'mbali mwa nyanja timakumbukira za Makanjira ndi Jalasi, amene anakumana ndi Johnston pankhondo, koma timaiwala kuti Amang'anja a kumunsi kwa Shire anali m'gulu la oyamba kusenza goli limeneli, pakuti sitima zochokera ku Chinde zinkalowera kwawo, ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi ku Chiromo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo unawirikizidwa, ndipo wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lokha. Apa mpomwe cholinga chinaonekera poyera: boma linkafuna manja a anthu koposa ndalama zawo. Wolephera kulipira ankamutenthera nyumba, nthawi zina n'kumugwirira mkazi mpaka ndalama ipezeke.

Anthu a m'chigwachi analibe nyuzipepala kapena misonkhano ngati ya ku Boston. Anali ndi bwato, mabango ndi malire. Otolera msonkho akamveka, ena ankalowa m'dambo la Ndinde, ena n'kuolokera kwa Apwitikizi. Kumenekonso sikunali kothawira kwenikweni, pakuti msonkho wa musoko ndi chibalo zinkawawa kwambiri, moti pa kuukira kwa ku Barue mu 1917 khamu la anthu linathawa kumeneko kudzafika ku Port Herald. Koma njira imene ine ndimaiona kuti inali yanzeru koposa ndi thonje. Munthu ankalima m'munda mwake, kugulitsa, kulipira msonkho, osaponda pa esiteti ya mzungu. Boma linapeza ndalama zake, eni maesiteti n'kusowa antchito amene ankawayembekezera.

Nanga wowayimira? Nyumba ya Malamulo ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1907 popanda Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Mmishonale wachizungu ndiye ankati akutiyankhulira. Aafirika oyamba analowamo mu 1949, ndiponso osati mwa voti ya mlimi wa ku Chikwawa kapena msodzi wa ku Nsanje, koma mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Panthawiyo n'kuti adzukulu a amene analipira msonkho woyamba akulipira wawo.