Maxent: Pulogalamu Yoyerekeza Malo Okhala Nyama ndi Zomera

Maxent ndi pulogalamu ya pakompyuta imene akatswiri a zachilengedwe amagwiritsa ntchito poyerekeza malo amene mtundu wa nyama kapena chomera ungakhale, komanso mmene malowo angasinthire nyengo ikasintha. Anaikonza Steven Phillips, Miroslav Dudík ndi Robert Schapire ku America, ndipo anaifotokoza koyamba mu 2004. Ndi yaulere, imapezeka pa intaneti kudzera ku American Museum of Natural History ya ku New York.

Kagwiridwe kake ka ntchito

Pulogalamuyi imafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi mndandanda wa malo amene cholengedwacho chinaonekapo, wolembedwa ndi manambala a GPS. Ofufuza ambiri amautenga ku GBIF, nkhokwe ya padziko lonse yokhazikitsidwa mu 2001, yomwe likulu lake lili ku Copenhagen. Chachiwiri ndi mapu a mvula, kutentha, kukwera kwa malo ndi nthaka. WorldClim, mwachitsanzo, imapereka miyeso 19 ya nyengo.

Maxent imaona mmene malo amene cholengedwacho chinapezeka alili, kenako imafufuza ena ofanana nawo. Dera lonse imaligawa m'timabokosi, kalikonse nkukapatsa nambala pakati pa 0 ndi 1. Nambala ikayandikira 1, ndiye kuti malowo ndi ochiyenera. Tikaikamo nyengo yoyembekezeka mu 2050, mapu amaonetsa kumene malo oyenera angachepe kapena kusunthira.

Titenge mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera paphiri lokhalo ndipo watsala pang'ono kutheratu. Wofuna kudzala mbande zake angafunse Maxent kuti ndi mapiri ati ena amene ali ndi chisanu ndi chinyezi chofanana.

Malire ake

Pulogalamuyi imadziwa zokhazo zimene yapatsidwa. Ngati olemba ankangoyenda m'mbali mwa msewu, mapu adzanamiza kuti chomeracho chimakonda misewu. Siidziwanso za wodula mitengo usiku kapena wotentha tchire, pokhapokha wina ataikamo zimenezo. Choncho zotsatira zake tiyenera kukazitsimikiza pamalopo.

Mmene tikuionera Asilamu

Kumeneku si kulosera zobisika, pakuti ghaib amaidziwa Allah yekha. Ndi kuwerengera kochokera pa zooneka, monga mlimi amaonera mitambo. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-An'aam ndime 38, ikutiphunzitsa kuti nyama ndi mbalame ndi mitundu ngati ife. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapatula malo a An-Naqii', m'dera la Madina, kukhala hima, busa lotetezedwa. Lero mapu otere amathandiza kusankha malo oyenera kupatula.

Kwa ophunzira athu amene adzagwire ntchitoyi, nambala iliyonse yolembedwa kutchire ndi amaanah. Wolemba malo amene sanafikeko angachititse kuti nkhalango yoyenera kutetezedwa isiyidwe, mbande zikaferenso posayenera. Allah ndiye wodziwa koposa.