Chikho cha M'nyengo ya Mwera

Mvula ikakata, mpunga wa ku Lifuwu ukayamba kucha m'minda, ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima timadziwa kuti alendo awiri ali pafupi kufika. Woyamba ndi mwera, mphepo ija imene imautsa mafunde ndi kuchititsa asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka kukokera mabwato awo kumtunda. Wachiwiri ndi mpira wa miyendo, umene umakhala utapuma m'miyezi ya dzinja. Masiku amene nyanja yakalipa, abambo amakhala pansi pa mtengo kusoka maukonde, wailesi ili pakati pawo. Tsono timu imene amaikonda ikangogonja pa masewero a chikho nyengo ya mpira itangoyamba kumene, mawu omveka amakhala omwewo chaka ndi chaka: mphunzitsi achoke, osewera atha ntchito, woyimbira anakondera. Kukhumudwa kotereku tonse timakudziwa, pakuti nafenso tinazimitsapo wailesi mwaukali. Koma tiyeni tiifunse mbiri ngati chikho cha kumayambiriro chimanenadi zoona zonse za timu.

Poyamba tikumbutsane mmene mitima yathu inamangirikira ku matimu a kutali. Mpira unafika m'dziko muno m'nthawi ya atsamunda, ndipo unafala kudzera m'sukulu za mishoni ndi m'misasa ya asilikali. Koma matimu akuluakulu anabadwira m'mizinda. Wanderers inayamba ku Blantyre mu 1962, ndipo mu 1967 ena anapatukako ndi kuyambitsa Bullets, imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la kampani ya nsapato ya Bata. Silver Strikers inadza mu 1977 ku Lilongwe, m'manja mwa Reserve Bank. Ife a kunyanja sitinkawaona osewerawa ndi maso. Tinkangowamva pa wailesi ya MBC. Pamene timu ya dziko lino inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 pogonjetsa Zambia 3-2, ndi kukachitetezanso ku Kenya mu 1979, maina a Kinnah Phiri ndi anzake analowa m'nyumba iliyonse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza. Ana omenya mpira wa zisanza pa mchenga anayamba kudzitcha maina amenewo. Motero mudzi umodzi unagawikana patatu, awa a Maule, awo a Manoma, ena a Mabanka, ngakhale kuti ambiri anali asanapondepo pa Kamuzu Stadium.

Masiku amenewo zikho zinalipo zingapo, monga Kamuzu Cup, Chibuku Cup ndi Castle Cup, ndipo ligi ya dziko lonse, imene timaitcha Super League, inadzayamba mu 1986. Pakati pa ligi ndi chikho pali kusiyana kwakukulu, kumene timakuiwala mtima ukatentha. Ligi imafanana ndi munda. M'zaka zimene tikambe pano munali matimu 16, timu iliyonse inkasewera masewero 30, ndipo wopunthwa lero ankakhala ndi miyezi yambiri yodzukira. Chikho ndiye ngati kuponya khoka kamodzi kokha: likatuluka lopanda kanthu, ulendo watha basi. Goloboyi akaterereka, mpira ukamenya mtengo, woyimbira akaona molakwa kamodzi, ndiye kuti zonse zathera pomwepo.

Chikho chikabwera kumayambiriro kwa nyengo, mavuto ake amachuluka koposa. Osewera ogulidwa kumene amakhala asanadziwane mapazi ndi anzawo, ena matupi asanakhwime atakhala pansi dzinja lonse, ndipo mphunzitsi amakhala akuyesayesa kuti aone woyenera malo aliwonse. Koma ife ochemerera timafika pa tsikulo tili ndi njala ya miyezi itatu kapena inayi, titamva malonjezo a atsogoleri a timu, titadzitama kale kwa alamu athu a timu ina. Chiyembekezo chimakhala chitakula pamene timu ikali yaiwisi. Apa ndi pamene pamabadwira kukhumudwa kwathu.

Mbiri yatipatsa chitsanzo chooneka bwino. Mu 2017 kunayamba chikho cha Airtel Top 8, cholimbirana matimu asanu ndi atatu amene anamaliza pamwamba mu ligi ya chaka chapitacho. M'zaka zitatu zoyambirira chikhochi chinkaseweredwa ligi itangoyamba, m'miyezi yomweyi ya mwera. Chaka choyambacho, pa masewero otsiriza, Silver Strikers inagonjetsa Wanderers pa mapenate. Manoma anabwerera kwawo mitu ili pansi, komatu pofika Disembala chaka chomwecho ndiwo anali akatswiri a ligi. Mu 2018 chikhocho chinapita kwa Blue Eagles, timu ya apolisi, imene inagonjetsa Bullets 1-0. Pofika kumapeto kwa chaka, akatswiri a ligi anali Bullets. Mu 2019 Silver inachitenganso pogonjetsa Karonga United, koma ligi inatsalabe m'manja mwa Bullets. Zaka zitatu zotsatizana wotenga chikho cha m'nyengo ya mwera sanakhale katswiri wa dziko, ndipo kawiri konse amene analira pa masewero otsiriza ndiye anadzaseka pa mapeto a chaka.

Za 2018 zija tiziunike pang'ono, pakuti muli phunziro lowawa. Masewerowo anachitikira pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo limene linali litatsegulidwa chaka chimodzi chokha chapitacho. Matimu awiriwo analimbana osagoletsana mpaka nthawi inatsala pang'ono kutha, ndipo m'mphindi zoonjezera woyimbira anapereka penate kwa Blue Eagles. Chigoli chimodzicho chinatha nkhani. Ena mwa ochemerera Bullets sanaupirire mtima: chipolowe chinabuka pa bwalo, mkwiyo wonse utalunjika kwa woyimbira. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM litaunika nkhaniyo, linalipitsa timuyo ndi kuiletsa kulowa nawo chikhocho chaka chotsatira. Kaya penateyo inali yoona kaya ayi, anthu akutsutsanabe mpaka lero. Chimene sitingatsutse ndi ichi: chikho sichinabwerere, ndipo mu 2019 timu imene inali katswiri wa dziko inaonerera anzake akulimbirana chikho iyo ili kunja. Amene anailanda mwayi umenewo anali anthu oikonda omwe. Pajatu madzi akatayika saoleka. Timu yomweyo, imene ena ankaiona ngati yatha m'mwezi wa chisanu, inatenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023.

Tisaganize kuti matendawa ndi a timu imodzi. Mu Seputembala 2023, chikho chomwechi chitasunthidwira kutsogolo m'chaka, masewero a Silver Strikers ndi Wanderers pa bwalo lomwelo anathera panjira chifukwa cha mkangano wa chigoli. Mipando inathyoledwa, ndipo Wanderers inalandira chilango. Choopsa koposa chinachitika ku Balaka mu Disembala 2013, pamene zipolowe za pa masewero a ligi a matimu awiri omwewa zinachotsa moyo wa munthu. Iye anachoka pakhomo m'mawa kukaonera mpira, ndipo abale ake analandira maliro. Palibe chigoli, palibe chikho, chimene tingachiike pa sikelo imodzi ndi moyo umenewo.

Tsono tibwerere kwathu kuno, pakuti nafe a Salima tili ndi timu yotchedwa ndi dzina la malo athu, ndiponso tili ndi madandaulo athuathu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma linakhazikitsa kuno sukulu yophunzitsira asilikali, imene poyamba inkatchedwa Kamuzu Military College ndipo pambuyo pake inasanduka Malawi Armed Forces College. Mwa chidule timangoti MAFCO, ndipo timu ya mpira ya pa sukuluyi inakwera mpaka kufika mu Super League. Mu 2013 inadabwitsa dziko potenga chikho cha Presidential Cup, chimene chinkayambira m'maboma ndi kulola matimu ang'onoang'ono kukumana ndi akuluakulu. Chaka chimenecho ngakhale a Maule ndi a Manoma a kuno anayenda mapewa ali m'mwamba, chifukwa dzina la Salima linamveka pa wailesi pa nkhani ina yosakhala ya usipa kapena madzi osefukira.

Komabe chimwemwecho chinali ndi munga. Kwa zaka zambiri MAFCO inkasewera masewero ake a pakhomo pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, pakati pa minda ya nzimbe, chifukwa kuno kunalibe bwalo lovomerezeka ndi oyendetsa ligi. Kuchokera pa Kamuzu Road kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita oposa 150 pa msewu wa m'mbali mwa nyanja. Msodzi kapena mlimi wa mpunga wofuna kuonera timu ya kwao ankayenera kupeza ya basi kupita ndi kubwera, ya pakhomo la bwalo, ndi ya chakudya cha pa njira. Ambiri sakanatha. Motero timu ya kwathu inakhalanso ya pa wailesi, monga matimu a ku Blantyre aja, ndipo ana athu anakula osaona osewera a ligi yaikulu akuthamanga pa dothi la boma lawo.

Kenaka inadza nyengo ya mpira ya 2023. MAFCO inafika pa masewero otsiriza a zikho ziwiri, cha FDH Bank ndi cha Airtel Top 8, ndipo konse kuwiri inagonja kwa Bullets, imene chaka chimenecho, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, inasesa ligi pamodzi ndi zikho zitatu. Kufika pakhomo kawiri ndi kubwezedwa kawiri ndi munthu yemweyo ndi chinthu chowawa. Koma tikakhazika mtima pansi tiona kuti pa matimu 16 a ligi, ndi angati amene anafika pa masewero otsiriza kawiri m'chaka chimodzi? Pakati pa chikho cha 2013 ndi zimenezi panapita zaka khumi za kukwera ndi kutsika. Timu imene imamangidwa ndi kuphwasulidwa pa kugonja kulikonse siingayende ulendo wotere.

Sitikunena kuti wochemerera asadandaule. Munthu amene wadula pa ndalama ya ndiwo kuti agule tikiti, kapena wagula mabatire a wailesi m'malo mwa sopo, ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene timu yasewera mwaulesi. Oyimbira amalakwadi, atsogoleri a matimu nthawi zina amalonjeza zimene sangakwanitse, ndipo kukhala chete pa zoterezi sikuthandiza mpira. Funso ndi lakuti dandaulo lathu tikulitula kuti, ndipo libala chiyani. Mbiri yaonetsa kuti mwala woponyedwa pa bwalo umagwera timu ya woponyayo. Yaonetsanso kuti kuchotsa mphunzitsi chifukwa cha masewero amodzi a mu Meyi kapena Juni ndi kuweruza mlandu mboni zisanafike. Dandaulo limene lingabale zipatso ndi lija lopita ku misonkhano ya makomiti a ochemerera, kumene atsogoleri a timu amafunsidwa za ndalama ndi za malipiro a osewera. Kwa ife a Salima, ndi lija lopita kwa makhansala, kwa aphungu ndi ku khonsolo ya boma, lofunsa kuti bwalo loyenera likhalepo ndi kusamalidwa, kuti timu ya kuno izisewera kuno. Mphamvu imene timataya potukwana woyimbira amene sakutimva, titaiika pa nkhani imeneyi, ikhoza kusiyira adzukulu athu kanthu kooneka.

Tikumbukirenso kuti ana amationa. Mnyamata amene wakhala pambali pa bambo ake pansi pa mtengo uja akuphunzira mmene mwamuna amalandirira kugonja. Akaona bambo akumenyetsa wailesi pansi, kapena akubwera kunyumba kudzakalipira mayi ndi ana chifukwa cha penate ya ku Lilongwe, nayenso adzachita zomwezo pa bwalo la sukulu, ndipo mawa adzachita zomwezo pa banja lake. Akaona bambo akupukusa mutu, kuseka ndi mlamu wawo wa timu ina, ndi kunena kuti tionana pa masewero achibwereza, waphunzira chinthu chimene chidzamuthandiza ngakhale pa mayeso, pa malonda ndi pa munda.

Asodzi athu amadziwa kale zimenezi. Mwera ukaomba masiku atatu, palibe amene amaswa bwato lake ndi nkhwangwa kapena kutentha ukonde chifukwa chogona ndi njala. Amamata pamene pakudontha, amasoka pamene pang'ambika, nadikira m'mawa umene nyanja idzagone. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Chaka chino timu yathu ikadzagwa pa chikho choyamba, tidzadandaule ndithu, tidzafunse mafunso kwa oyenera kufunsidwa, kenaka tidzakhalenso pansi pa mtengo Loweruka lotsatira ndi kutsegula wailesi. Kuchokera mu Juni kukafika mu Disembala pali masewero ambiri.